Kodi TEM tiiphunzitse bwanji kuti isamathere pa bolodi?

Mphunzitsi_wa_Ground

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikukonza maphunziro a masiku awiri a TEM (Threat and Error Management, luso lothana ndi ziopsezo ndi zolakwa) a oyendetsa ndege za charter ndi achinyamata omwe angotenga kumene CPL (chiphaso choyendetsera ndege pa ntchito yolipidwa), ambiri mwa iwo amanyamukira pa Chileka. Zigawo zitatu zija amaziloweza mosavuta: ziopsezo, zolakwa za anthu, ndi ndege kupezeka mmene siyenera kukhalira, chomwe m'mabuku amati UAS. Mayeso olemba amakhoza bwino. Koma akakhala mu simulator, briefing imangoti "nyengo, mapiri, mbalame", mothamanga ngati pemphero la pa chakudya munthu ali ndi njala, basi n'kunyamuka. Pa kayendetsedwe palibe chimasintha.

Ndifunse zitatu. Kusiyanitsa chiopsezo ndi cholakwa kuli ndi phindu lanji kwa munthu amene ali pa mpando? Wachinyamata timamuphunzitsa bwanji kudzudzula kaputeni wa msinkhu wa bambo ake? Nanga pomaliza timamuyesa ndi chiyani, poti aliyense amalakwitsa? A pa nsanja yolondolera ndege ndi amakaniko nanunso lankhulanipo, ena mwa ophunzirawa ndi a m'magulu anuwo.

Kaputeni_Michiru

Achimwene, yambirani komwe nkhaniyi inachokera, ophunzira amaimva msanga. TEM sinabadwire m'kalasi. Gulu la a Robert Helmreich pa University of Texas linkakhazika anthu pa mpando wachitatu wa mu cockpit pa maulendo wamba, osati kuti ayese munthu mayeso, koma kungolemba zomwe zikuchitika. Ndiyo LOSA ija, ndipo yoyamba yotsata TEM mokwanira inachitika ku Continental Airlines mu 1996. Anapeza kuti oyendetsa odziwa ntchito, tsiku loti kunja kuli mbee, amalakwitsabe, ndipo gulu labwino limadziwika pa kugwira cholakwacho chisanakule. Mukauza ophunzira kuti cholinga ndi kusalakwitsa, mwawaphunzitsa kubisa.

Phindu la kusiyanitsa ndi loti chilichonse chili ndi mankhwala ake. Chiopsezo chimachokera kunja kwa oyendetsa: mvula, phiri, kuchedwa, chipangizo chowonongeka chomwe chili pa MEL (mndandanda wa zomwe ndege imaloledwa kuuluka zisakugwira ntchito), ngakhale kulakwitsa kwa wa pa nsanja kapena wothira mafuta. Chimenechi timachikonzekera chisanafike. Cholakwa ndi chathu: chala chadina batani lina, checklist yadumphidwa mzere, khutu lamva 5,000 pomwe ananena 6,000. Chimenechi timachitchera misampha, ma callout, checklist ndi diso la mnzathu. Pa UAS ndiye kuti ndege yatsika kale kupyola msinkhu womwe tapatsidwa, kapena liwiro lathawa, kapena talowa msewu wolakwika. Apa zofufuza kuti walakwitsa ndani zimadikira, timaibweza ndege kaye.

Pa briefing yanuyo ikani lamulo limodzi lolimba: chiopsezo chikatchulidwa popanda nambala, chochita ndi wochita, sichinatchulidwe. Wophunzira akati "kukutentha", mufunseni kuti ndiye titani. Chileka ili pa mafiti pafupifupi 2,550. Pa msinkhu umenewo ISA, muyezo wa nyengo womwe mabuku a ndege amawerengera, imapereka madigiri 10. Masana a mu October kukafika 35, mwapitirira ndi 25, ndipo digiri iliyonse imaonjezera mafiti ngati 120. Mapiko ndi injini zikumva kuti zili pa mafiti 5,500. Awerengetse yekha pa pepala, atsegule tchati cha ndege yake, aone kutalika kwa msewu wonyamukirapo komwe akufunika, kenako anene poimira pake. A ndege zing'onozing'ono ali ndi kawerengedwe kachidule: pofika theka la msewu ukhale utafika 70% ya liwiro lonyamukira, apo ayi ima. Chiganizo chimenecho chituluke pakamwa injini isanalizidwe.

Mapiri chimodzimodzi. Michiru ali pafupi kummwera kwa bwalo, Ndirande ndi Soche ali mu mzinda momwemu, Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, mafiti oposa 9,800. Wophunzira awerenge MSA (msinkhu wotsikitsitsa wotetezeka) ya mbali yomwe akuchokera pa tchati, anene mbali yomwe akhotere injini ikafa atangonyamuka, ndipo adziwe kuti GPWS, chida chochenjeza kuti nthaka yayandikira, ikakuwa usiku kapena mumtambo sitikambirana: mphamvu zonse, mapiko mowongoka, mphuno mmwamba. Nyengo zathu aziike pa kalendala. Chiperoni cha May mpaka August chimabwera ndi mitambo yotsika ndi mvula yowaza kuchokera kummwera chakummawa, chimameza nsonga za mapiri pomwe pansi pakuonekabe, ndiye wa VFR, woyendetsa modalira kuona kunja, amangotsikira pansi pake pang'onopang'ono mpaka malo atamuthera. Utsi wa moto wa kutchire kuyambira August mpaka October umafufuta malire a thambo ndi dziko. Ukayang'ana pansi ukuona bwino, ukayang'ana kutsogolo dzuwa likulowa suona kanthu. Dzinja ndi mabingu a masana, omwe timawalambalala ndi ma NM (nautical miles) 20.

China chomwe achinyamata sachiwerengera ndi kufupika kwa ulendo. Chileka ndi KIA ya ku Lilongwe zatalikirana ndi ma NM pafupifupi 130. Mu Q400 kapena 737 ukangomaliza kukwera, nthawi yotsika yakwana. Briefing ya kutera ichitikire pansi musananyamuke, mmwamba muzingokonza zomwe zasintha.

Koma nthawi yambiri muithere pa UAS, chifukwa ndi pomwe anthu anzeru amafera. Mu December 1972 L-1011 ya Eastern inagwera m'dambo la Everglades, anthu 101 anamwalira. Onse mu cockpit anali kalikiliki ndi kababu ka tayala lakutsogolo komwe kanapsa, autopilot itasiya kusunga msinkhu palibe anaona. Mu 1978 ku Portland DC-8 ya United inazungulira pafupifupi ola lathunthu akulimbana ndi vuto la matayala mpaka mafuta anatha, 10 anamwalira. Nthenda yake ndi imodzi, mitu yonse kuweramira pa vuto laling'ono. Phunzitsani kuti chikangobuka chinthu, mawu oyamba a kaputeni agawe ntchito, "iwe yendetsa ndi kuyankha wayilesi, ine ndione vutoli", ndipo woyendetsayo maso asachoke pa zida zake ngakhale mnzake adandaule bwanji. Wina atchere wotchi ya mafuta nthawi yomweyo.

Pa kutera manambala ndi odziwika. Pofika mafiti 1,000 pamwamba pa bwalo muli mumtambo, kapena 500 kukuoneka, matayala akhale pansi, ma flaps pamalo ake, liwiro pakati pa VREF (liwiro loikika loterera) ndi VREF kuphatikiza 20, kutsika kosaposa mafiti 1,000 pa mphindi, checklist itatha. Pa njira ya madigiri 3 timataya mafiti 300 pa NM iliyonse, ndipo liwiro la pansi ukalichulukitsa ndi 5 limakupatsa katsikidwe koyenera: 140 ikupatsa 700. Chimodzi chikasowa, go-around, ndiye kuti kusiya kutera n'kukweranso. Komatu a Flight Safety Foundation anapeza kuti pa ma approach 100 osakhazikika, atatu okha ndi omwe amathera mu go-around. Enawo amangokakamira kutera. Manambala amawadziwa, chimawagwira ndi manyazi, kuopa mafunso a bwana pa mafuta, ndi mtima woti ndiikonza ndisanafike pansi. Kampani yomwe imafuna kalata yodziteteza pa go-around iliyonse ikugwetsa maphunziro anu musanawayambe.

Mayi_wa_pa_Nsanja

Bambo a Michiru anena zoona kuti kulakwitsa kwathu ndi chiopsezo chanu. Ndiye ophunzirawo asamatenge mawu a pa wayilesi ngati ochokera kumwamba.

Yambani ndi QNH, nambala ya kulemera kwa mpweya yomwe timakupatsani kuti muike mu altimeter, chida choonetsa msinkhu. Hectopascal imodzi ndi mafiti pafupifupi 28. Pa 23 May 2022 A320 inkatera pa Charles de Gaulle ku Paris kukugwa mvula, wolondolera ndege ananena 1011 m'malo mwa 1001, oyendetsa anabwereza 1011 yomweyo. Readback inali yolondola pa nambala yolakwika. Ndege inayenda mafiti 280 kumunsi kwa njira yake, ndipo pomwe amapanga go-around inatsala mafiti 6 kuti ikhudze nthaka, msewu usanafike n'komwe. Choopsa pa approach ya mtundu wa baro-VNAV, yomwe kutsika kwake kumatsata altimeter, ndi choti tebulo la mtunda ndi msinkhu silingakuululireni, chifukwa zonse zikudalira altimeter yonamizidwa yomweyo. Msampha wake ndi kufananitsa QNH yomwe mwauzidwa ndi ya pa METAR kapena ATIS (malipoti a nyengo ya pa bwalo) yomwe munalemba kale. Zikasiyana ndi ma hectopascal angapo, funsani. Muli pansi pa Chileka, mukaika QNH altimeter ionetse msinkhu wa bwalo, kusiyana kusapose mafiti 75. Mmwamba, radio altimeter ikadzuka pa mafiti 2,500 itchuleni ndipo muone ngati ikugwirizana ndi malo omwe muli.

Khutu limamva chomwe likuyembekezera. Yemwe wazolowera msewu 10 masiku onse, tsiku lomwe tinene 28 amabwereza 28 koma m'mutu muli 10. Clearance izilembedwa, ndipo onse awiri azimvera. Pakakhala kukayika musafunse funso lotilowetsa m'kamwa yankho. "Confirm six thousand" kwa munthu wotanganidwa ndi ndege zina amangoti "affirm". Nenani "say again cleared altitude" kuti nambala aitchule yekha. Za Tenerife mu March 1977, pomwe ma Boeing 747 awiri anagundana mu chifunga ndipo anthu 583 anamwalira, ndi zomwe zinachititsa kuti mawu oti "take-off" azimveka popereka kapena pochotsa chilolezo chonyamukira basi. Nthawi ina yonse timati "departure". Wophunzira akasakaniza, muimitseni pomwepo ngakhale mu simulator.

Pa mafuta pali mawu awiri okha omwe amatigwedeza. "Minimum fuel" akutiuza kuti mwatsimikiza zotera pa bwalo limenelo ndipo kuchedwa kwina kulikonse kukudyetsani final reserve, mafuta omwe ayenera kutsala m'thanki potera. Sakupatsani malo oyamba pamzere. "Mayday mayday mayday fuel" ndi pomwe kuwerengetsa kukuonetsa kuti mutera ndi mafuta ochepera final reserve, mphindi 30 kwa a turbine, 45 kwa a piston. Kunena mwaulemu kuti mafuta akuchepa sikusuntha ndege ina iliyonse. Avianca 52 ku New York mu 1990 ananena kangapo kuti mafuta akutha koma liwu loti mayday kapena emergency silinatuluke, injini zinazima, anthu 73 anamwalira.

Mbalame nazo zili ndi nthawi yake. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimatuluka, mbalame zimazitsata, ndipo magetsi a pabwalo amakoka tizilombo usiku. Thirakitala ikamatchetcha udzu mbalame zimakhala pambuyo pake. Pa bwalo lililonse loyandikana ndi midzi, galu, mbuzi kapena munthu wodula njira ndi chiopsezo cha tsiku lililonse. Woyendetsa ali ndi ufulu wopempha kuti galimoto iyendere msewu asananyamuke; mphindi zisanuzo sizinamusaukitsepo munthu.

Kwa a gulu lathu omwe muli nawo m'kalasimo, atsindikireni nthawi yosinthana mpando ndi nthawi yomwe kuli zii. Zolakwa zambiri sizibwera ndege zitachuluka, zimabwera zitangotha kumene, thupi litamasuka.

Makaniko_Lunzu

Ife a m'hangala timayendera Dirty Dozen ya a Gordon Dupont a ku Transport Canada, ya 1993, mndandanda wa zinthu 12 zomwe zimachititsa makaniko kulakwitsa. Musawalowezetse zonse 12, angoiwala. Tengani zitatu zomwe zimavuta kuno: kudodometsedwa ntchito ili mkati, kusowa kwa zipangizo, ndi chizolowezi choti timatere masiku onse.

Chitsanzo chomwe chimawakhaza chete amakaniko ndi BAC One-Eleven ya British Airways mu June 1990. Galasi lakutsogolo linathothoka ndege ikukwera, kaputeni anakokeredwa kunja theka la thupi, anapulumuka chifukwa anzake anamugwira miyendo mpaka kutera. Pa mabawuti 90 a galasilo, 84 anali ochepa m'mimba ndi mainchi 0.026, enawo 6 anali aafupi. Anamanga anali munthu wodziwa ntchito yake, usiku cham'bandakucha, koma anafananitsa mabawuti ndi maso m'malo motsegula parts catalogue. Kusiyana kosakwana milimita imodzi diso silingakuone, ndipo bawuti amalowa bwinobwino.

Zochita zake n'zosavuta kunena. Ukadodometsedwa, kaya ndi foni kaya ndi bwana, pobwerera bwerera masitepe atatu pa task card. Nati usaisiye yomangidwa ndi zala. Kaya uimange ndi torque wrench mpaka pamlingo, kaya uichotseretu, chifukwa yomangidwa ndi zala imaoneka ngati yatha. Posinthana shifiti lembani, kenako muyendere limodzi pa ndege pomwepo mukuloza ndi chala. Pa zingwe ndi ndodo zoyendetsera ndege pamafunika duplicate inspection, ndipo wachiwiriyo asamauzidwe kuti "ndamaliza, ingosainani". Agwire yekha, aone locking wire, aone kuti chiwongolero chikapita kumanja aileron ya kumanja ikukwera. Zida ziwerengedwe ntchito isanayambe ndi itatha. Sipanala imodzi ikasowa ndege sichoka.

Kwa oyendetsa, ndege yomwe yangochoka m'manja mwathu ndi chiopsezo, ndipo sitikhumudwa mukatero. Helios 522 mu August 2005: amakaniko atayesa ngati mpweya ukutuluka, switch ya pressurisation inatsala pa MAN (manual) m'malo mwa AUTO. Oyendetsa anaidumpha pa ma check atatu. Belu litalira akukwera anaganiza kuti ndi la take-off configuration, poti pa 737 imeneyo kulira kwake kunali kumodzi. Onse 121 anamwalira. Werengani tech log, muone dongosolo lomwe lakhudzidwa, kenako switch iliyonse ndi circuit breaker ya dongosolo limenelo muiyang'ane payokha.

Mafuta ndiye ikani masamu pa bolodi. Bowser imawerenga malita, ndege imawerenga makilogalamu kapena mapaundi. Jet A-1 imalemera pafupifupi makilogalamu 0.8 pa lita, ndiye makilogalamu 2,000 ndi malita ngati 2,500. Otsala m'thanki kuphatikiza othiridwa zifanane ndi zomwe geji ikunena. Boeing 767 ya Air Canada mu 1983 inanyamuka ndi mafuta osakwana theka la omwe ankaganiza chifukwa anachulukitsa malita ndi 1.77, nambala ya mapaundi, n'kuyesa ndi makilogalamu. Avgas 100LL ndi yabuluu, Jet A-1 ilibe mtundu kapena ndi yachikasu pang'ono ndipo imanunkha parafini. Injini ya piston yothiridwa Jet A-1 imalira bwino ndi avgas yotsala m'mapaipi, n'kudzafa mutangonyamuka. Muzikhetsa pansi pa thanki mmawa uliwonse, mukathira mafuta, komanso mvula ikagwa. A charter omwe mumathira za m'madiramu kumabwalo a kutchire, diramu ikagubuduzidwa ipatseni nthawi ikhazikike, muyese madzi, ndipo paipi isafike pansi penipeni.

Chomaliza ndi cha mabwana. Makaniko yemwe wadziulula kuti wasiya tochi mkati mwa phiko akadulidwa malipiro, wotsatira sadzanena, tochiyo idzauluka. Kuphonya mosafuna ndi kuphwanya lamulo mwadala zisalandire chilango chimodzi.

Mphunzitsi_wa_Ground

Zikomo kwambiri nonse, izi ndiye zogwirika. Lamulo la nambala, chochita ndi wochita lija ndalitenga. Koma funso lachiwiri palibe walikhudza, ndipo ndi lomwe likundivuta zedi. Mwana woleredwa bwino kuno sayang'ana wamkulu m'maso n'kumuuza kuti mwalakwitsa. Nanga za kayesedwe?

Kaputeni_Q400

Aphunzitsi, kwathu timati mawu a akulu akoma akagonera, koma pa mafiti 500 palibe chogonera. Ndiye musalimbane ndi ulemu wa mwanayo, mupatseni mawu okonzedwa kale omwe angawanene osamva kuti watukwana.

Makwerero ake ndi anayi, ena amawatcha PACE. Poyamba amafunsa: "Kaputeni, tikutsata msinkhu uti?" Zikapanda kusintha amachenjeza ndi nambala: "Liwiro VREF kuphatikiza 30." Kenako amanena chochita: "Sitinakhazikike, go-around." Pomaliza, ngati palibe yankho pa maulendo awiri ndipo nthaka ikuyandikira, amati "I have control" n'kutenga ndege, poganiza kuti mwina mkuluyo wadwala kapena wasokonezeka mutu. Chinsinsi chili pa sitepe yachiwiri. Nambala ilibe mwano. Callout yolembedwa mu SOP, buku la malamulo a kayendetsedwe, ndi mawu a kampani, mwanayo akungowapereka. Ayeserere mokweza m'kalasi, awiriawiri, wamng'ono kuuza wamkulu weniweni, mpaka lilime lizolowere. Kuwerenga pa slide sikumasula pakamwa.

Komabe ndikutsutseni pang'ono: mukuyang'ana mbali imodzi. Theka lalikulu la ntchitoyi ndi la makaputeni. Kenya Airways 507 inanyamuka pa Douala usiku wa mvula mu May 2007, kaputeni wa zaka 52, womuthandiza wa zaka 23. Kaputeni anaitana autopilot koma sinalowe, ndipo palibe anatsimikiza pa zida kuti yalowa. Ndege inapendekera kumanja pang'onopang'ono popanda woiyendetsa mpaka belu la bank angle linalira, pokonza anaonjezera kupendekako, onse 114 anamwalira. Wachinyamatayo sanatchule kupatuka kwa ndege nthawi ikadalipo. Mpweya wa mu cockpit amaupanga ndi wamkulu, mphindi zisanu zoyambirira mukangokumana. Kaputeni aphunzire kufunsa wamng'ono poyamba, "ukuona ziopsezo zanji lero?", asananene zake, chifukwa akayamba iye winayo amangoti inde. Akadzudzulidwa, yankho ndi "checked" kapena "correcting", ngakhale wodzudzulayo atakhala kuti waphonya. Ukamunyogodola kamodzi, ulendo wonse wakhala wekha. Ndipo go-around akaitana aliyense mwa awiriwo imachitika, zokambirana pambuyo.

Musaiwale a m'cabin. Ku Kegworth mu January 1989 oyendetsa 737 ya British Midland anazimitsa injini ya kumanja pomwe yowonongeka inali ya kumanzere. Kumbuyo anthu anaona moto kumanzere, anamvanso kaputeni akulengeza za injini ya kumanja, koma uthenga sunafike kutsogolo poganiza kuti akutsogolowo akudziwa. Anamwalira 47. Aphunzitseni kunena zomwe aona, mbali yake ndi mtundu wa utsi, osadikira kufunsidwa. Lamulo la sterile cockpit pansi pa mafiti 10,000 limaletsa macheza, sililetsa uthenga wa moto.

Kwa bambo a Michiru, ndikugwirizana nanu koma briefing isatalike. Mukatchula ziopsezo khumi palibe yemwe akumbukire ngakhale chimodzi. Zitatu za lero, zomwe zikusiyana ndi dzulo, basi. Kutopa kuzikhala m'gulu lomwelo: munthu yemwe wakhala maso maola 17 amagwira ntchito mofanana ndi yemwe ali ndi mowa wa 0.05% m'magazi, ndipo pakati pa 2 koloko ndi 6 koloko mmawa thupi limakhala pansi. Wodzuka usiku kuti athamangire ndege ya mmamawa anene poyera kuti sanagone bwino, mnzake adziwe poika diso.

Kaputeni_Michiru

A Kaputeni_Q400 anena bwino, ziopsezo zitatu zakwana.

Pa kayesedwe, musawerenge zolakwa, werengani mathero ake. Cholakwa chilichonse chimathera patatu: chagwidwa, sichinaonedwe, kapena pochikonza achikulitsa. Lembani yemwe wachigwira, ndi chiyani, komanso chisanafike pa UAS kapena chitafika kale. Gulu lomwe lalakwitsa kasanu n'kugwira zonse lili pamwamba pa lomwe lalakwitsa kamodzi osazindikira.

Ulendo wa mu simulator musaudzaze ndi moto ndi injini zakufa, zimenezo zili ndi tsiku lake. Konzani ulendo wamba wa KIA kubwera ku Chileka masana a mu December, n'kumwazamo tinthu ting'onoting'ono. APU, kainjini kopereka magetsi ndi mpweya, ikhale pa MEL. Loadsheet, pepala la kulemera kwa ndege, isinthe zitseko zitatsala pang'ono kutsekedwa, muone ngati aliyense awerengetsa payekha asanafananitse. Ku Melbourne mu 2009 A340 ya Emirates inalembedwa kuti ikulemera matani 262.9 m'malo mwa 362.9, inakhulitsa mchira pansi n'kunyamukira kumapeto kwenikweni kwa msewu. Wa m'cabin aimbe checklist ili pa mzere wa ma flaps, muone ngati ayambiranso pamwamba kapena apitirira pomwe akuganiza kuti anasiyira. Spanair ku Madrid mu 2008 inanyamuka ma flaps osatsitsa, belu silinalire, 154 anamwalira. Potsika apatseni QNH yosiyana ndi ya pa METAR, musinthe msewu atatsala ma NM 20, muike kamphepo kakumbuyo kuti pofika mafiti 1,000 akhale pamwamba ndiponso akuthamanga. Chomwe mukufuna kuona ndi ngati wina apempha mtunda woonjezera kapena aitana go-around.

Pokambirana pambuyo pake, inu mulankhule pang'ono kuposa iwo. Funsani kuti munazindikira liti kuti mwatsalira, chinakuletsani kunena n'chiyani, mawa mudzasintha chiyani pa briefing. Mukayamba ndi kuwauza zomwe mwaona, amangodziteteza. Pa masiku awiriwo, zofotokozera za pa bolodi zisapitirire ola limodzi ndi theka, nthawi yotsala ikhale ya zitsanzo ndi kuyeserera, oyendetsa, a pa nsanja, amakaniko ndi a m'cabin atasakanikirana pa tebulo limodzi.

Wina adzafunsa za Chikangawa, konzekerani. Dornier 228 ya asilikali inagwa pa 10 June 2024 ikuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu nyengo ili yoipa, anthu 9 anamwalira kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima. M'kalasimo mungakhale anzawo kapena abale a omwalirawo. Ndegeyo inalibe chojambulira mawu a mu cockpit, choncho musalole aliyense kuika mawu m'kamwa mwa oyendetsa. Gwiritsani ntchito zolembedwa mu lipoti la ofufuza a BFU a ku Germany zokha, ndipo ntchito ya ophunzira ikhale yofanana ndi ya pa zitsanzo zina zonse: alembe ziopsezo za ulendo wa mu June wodutsa mapiri a Viphya utanyamula akuluakulu omwe ali ndi nthawi yoikika, kenako pa chilichonse alembe msinkhu womwe sangatsike kupyola, malo obwererapo, ndi yemwe akauze okwerawo kuti lero sititera.